Pemphero la m'Chipinda cha Kuseri

"Ine azakhali sindingawatenge," anatero mlongoyo, akupinda malaya a malemu bambo awo. "Nyumba yanga ndi chipinda chimodzi, achimwene, mukuidziwa."

Mchimwene wake, dalaivala wa malole, anaima pakhomo atapinda manja. Panali patatha masiku anayi chiikireni maliro. Alendo anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa. Nkhani yotsala inali ya azakhali awo, mlongo wa malemu, amene anasiya kulankhula akali mtsikana. Zaka makumi atatu akhala m'chipinda cha kuseri, maso ali kukhoma.

"Kuli malo osungirako anthu otere," anatero dalaivala. "Ndalankhula nawo kale. Abwera Lolemba ndi galimoto. Amayi ndi miyendo yawoyi sangathe kuwasamalira."

Amayi awo, atakhala pabedi, anangoyang'ana pansi. Dzuwa la m'mawa linali litafika pakati pa chipinda.

Kenako kuseri kwa khoma kunamveka kukhosomola. Kanali kachifuwa kouma kaja, ka munthu amene wapuma fumbi la matabwa moyo wake wonse. Mawu anatsatira, achimuna, osasa pang'ono.

"Atate, ndine mwana wanu uja. Ndatopa, simusowa kuuzidwa. Chimene ndikufuna ine ndikuchidziwa. Ndiuzeni chanu."

Malaya anapulumuka m'manja mwa mlongoyo. Dalaivala anacheukira kukhomako. Palibe anafunsa kuti ndi mawu a ndani.

Anapita onse atatu, amayi pambuyo akugwira khoma. Chitseko chinali chotsekula pang'ono. Azakhali anali pampando wawo, okhaokha, manja pamaondo. Milomo yawo inkayenda, koma nkhope inali zii, ngati mawuwo akungodutsa mwa iwo. Pambali pa mpandowo simenti inali yosalala malo awiri, pogwada munthu.

"Mtima wanga ukuti ndimupereke kwa ena," mawu a bambo anapitiriza. "Ngati n'kufuna kwanu, tsegulani njira. Ngati ayi, ndipatseni mphamvu ya lero lokha. Za mawa ndidzabweranso."

Panakhala bata lalitali, la munthu wodikira yankho. Kenako milomo ya azakhali inatsekeka.

"Amayi," dalaivala ananong'ona, "bambo anafunapo kuwachotsa?"

"Kaya, mwanangu. Ankalowa muno m'mawa uliwonse asanapite kukapala matabwa, n'kutseka chitseko. Ine ndinkangomva kung'ung'udza. Mawu ake ndawamva lero."

"Ndiye yankho ankalilandira?"

"Ankatuluka n'kukatereka madzi a tiyi. Basi."

Dalaivala anatembenukira kwa mlongo wake. Kenako anati, "Mlongo, foni yanga ili patebulo. Uwauze anthu aja asabwere kaye."

Iye mwini analowa kukhitchini, nabwerako ndi kapu ya tiyi. Anaiika m'manja mwa azakhali. Iwo sanamwe. Anaikweza pang'onopang'ono n'kuilozetsa kwa iye, maso akadali kukhoma.

"Akukana?" anafunsa dalaivala.

Amayi anagwira pakamwa. "Ndinaiwala, ana inu. N'chifukwa chake makapu akhala akubwerera odzaza. Samwa kanthu bambo ako asanalawe. Ankayamba iwo, kuti mlongo wawo asapse."

Dalaivala anawerama, nauzira tiyiyo kawiri, namwako pang'ono. Azakhali anabweza kapu kukamwa kwawo, nayamba kumwa.