Magolovesi a Manjabuluu

Achimwene anawadula mwendo m'munsi mwa bondo chifukwa cha shuga. Bala litayamba kuuma anawasamutsira ku chipatala chophunzitsa anthu kuyendanso, ndipo wopanga miyendo yoikirira anati abwera Lachisanu kudzawayeza. Lamulo lake linali limodzi: bala likhale louma. Likachita mafinya, madokotala adulanso pamwamba pa bondo.

Ine n'kuti nditangobwerako kumene kuchokera kunja kwa dziko, patatha zaka makumi awiri ndi zitatu. Chipatalacho ndinkachidziwa. Mayi athu anagonamo kalekale, masiku amene sisitala wamkulu ankayendera zikhadabo za anamwino m'mawa uliwonse ngati mphunzitsi wa ana a sitandade wani. Zikwangwani kunalibe. Kunali beseni, sopo ndi manyazi. Lero khoma lililonse lili ndi chithunzi cha manja akusamba, pomwe mu sinki ya m'wodi anaikamo maluwa apulasitiki.

Wotsuka mabala anali mayi wina amene odwala ankamutcha Manjabuluu. Magolovesi ake abuluu ankawavala polowa ntchito n'kuwavula poweruka. Lolemba ndinamuona ndi maso angawa: anakataya poto wa bambo a pabedi loyamba, anayankha foni, anapukuta zitsulo zimene odwala amagwirira pophunzira kuyenda, anadzikanda pamphuno, kenako n'kufika kwa achimwene pabedi lachitatu kudzamasula bandeji.

"Pepani mayi," ndinatero, "simusintha magolovesiwo?"

Anawatembenuza uku ndi uku. "Ang'ambika pati?"

"Sanang'ambike. Koma agwira poto."

"Nanga si ntchito yake? Mumafuna potoyo ndigwire ndi manja?"

Achimwene anandikoka dzanja. "Chemwali, takhala pansi. Iwe ukakwera ndege, wotsala ndi anthuwa ndine."

Sindinakhale pansi. Ndinapita ku ofesi ya mkulu woona za kupewa matenda opatsirana, bambo wa tayi wonunkhira mafuta, amene masatifiketi ake anadzaza khoma mpaka kubisa zenera. Anandimvetsera akumwetulira ngati wansembe womva tchimo laling'ono.

"Mayi, wodi imene mukuinenayo ndi imene ikutsogola," anatero akuloza tchati. "Timayendera mosachenjeza, kawiri pa sabata. Mayi amenewo sitinawapezepo ngakhale kamodzi opanda magolovesi."

"Ndi omwewo tsiku lonse."

"Fomu imafunsa kuti wavala kapena sanavale." Anandiyang'ana nsapato. "Munali kunja eti? Zimaoneka."

Lachitatu m'mawa ndinapeza bandeji itanyowa, m'mbali mwa bala mutafiira. Ndinapempha magolovesi atsopano. Anamwino anati amapatsa ogwira ntchito okha, peya imodzi patsiku. Ndinachotsa maluwa aja mu sinki, ndipo mpopi unatsokomola kaye ngati nkhalamba usanatulutse madzi. Ndinasamba ndi sopo wanga mpaka m'zigongono, kawiri, n'kutsuka balalo ndekha ndi kulimanga bandeji yatsopano.

Ndisanamange mfundo, Manjabuluu anafuula ali pakhomo. "Kalanga ine! Ndi manjamanja!"

Bambo wa tayi anabwera akuthamanga, ulendo woyamba kumuona m'wodi. Nkhope yake inawala ngati ya mlenje amene wakhala chaka chathunthu osapha kanthu. Analemba masamba awiri. Wachibale wagwira bala popanda zodzitetezera. Asalowenso mpaka ataphunzitsidwa. Kalasi yake inali ya mwezi wamawa. Mlonda anandiperekeza mpaka pageti mwaulemu wonse. Achimwene anangoyang'ana kukhoma, ndipo pamene ndinkatuluka, zala zabuluu zinali zikumasula bandeji yanga kuti zimange yovomerezeka.

Lachisanu ndinadikira kunja kwa geti, pamalo oimika magalimoto. Wopanga miyendo anatuluka nthawi isanakwane n'komwe, tepi yake yoyezera ili chipindire m'thumba la malaya.

"Bambo, a pabedi lachitatu mwawayeza?"

"Ndi abale anu? Pepani mayi. Fungo ndalimvera pakhomo. Mawa akuwabwezera ku opaleshoni."

Ndinaimba foni pomwepo. Inaitana nthawi yaitali achimwene asanayankhe.

"Ndamva," ndinatero. "Ndikupita kwa mkulu wa chipatala, sindiwasiya."

"Usavutike, chemwali. Afufuza kale, andiwerengera ndi lipoti lomwe. Akuti ndi manja ako. Mawa usabwere. Andiperekeza alamu ako."