Malire a Edmond

Lucia anali akuchotsa nsalu pabedi la wodwala pamene galimoto la alamu ake, a Gray, linaima pakhomo. Mtima unapita m'mwamba. Anasiya pilo pansi n'kukatsegula chitseko asanagogode n'komwe.

Edmond anali ataikidwa kale m'manda a ku South Bend. Anthu a kutchalitchi anali atabalalika, aliyense atatenga poto wake, koma nkhani yaikulu inali isanakambidwe. A Gray, mkulu wake wa malemu, ndiwo anayenera kumusudzula Lucia, kunena abale akumva kuti mkaziyu alibe mlandu, ukwati watha bwino, akhale ndi mtendere. Koma pamaliro munthu uja sanamuyang'ane n'kumaso komwe. Anangopereka moni wouma, mwambo utatha n'kubwerera ku Indianapolis, ati kuntchito.

Ndipo chifukwa choopera chinalipo. Edmond atanena kuti watopa ndi makina otsuka magazi, Lucia anavomera pamaso pa dokotala kuti awasiye, osadikira akuchimuna. Kwathu zimenezo sizichitika. Matenda akafika potero umaitana eni ake a munthu, apo ayi mawa amakuloza chala kuti wapha ndiwe. Ku Ntcheu azakhali a Edmond anali atayamba kale kunong'ona pafoni. Chomwe chinkamuchititsa manyazi kwambiri Lucia n'choti chimwalirireni mwamuna wake ankagona tulo tofa nato, tomwe anali atatiiwala m'zaka zonse za matenda.

A Gray anakhala pampando osavula jekete. Anaitanitsa Belinda, mwana wa malemu, yemwe Chichewa amamva koma kuyankha ndi Chingelezi basi. Kenaka anaimba foni kumudzi n'kuiika patebulo kuti azakhali adzimvere okha. Lucia anakhala pansi pakapeti, manja ali pamiyendo.

A Gray anayamba ndi kunena kuti mwezi wathawo Edmond anawaimbira iwo ali pantchito ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, kunyumba yosamalira okalamba. Edmondtu anachoka ku seminale unsembe usanamugwire, koma Chilatini sichinamuchoke. Zaka zonse ankayendetsa basi mumzinda, ndipo tsoka kwa munthu wokhala pampando wakutsogolo, amatsika ataphunzira zomwe sanapemphe. Tsikulo dokotala anali atamuuza kuti matenda ake ndi terminal, kutanthauza kuti sadzachiranso, ndiye iye kusangalala ngati wakumana ndi mnzake wa kumudzi. Ati mawuwo anachokera ku terminus, mwala womwe Aroma ankazika pamalire a munda. Ati kuchoka pamenepo mawuwo anayenda osapuma, analowa m'Chifalansa, m'Chisipanishi, m'Chipwitikizi, m'Chingelezi. Pomwe basi imathera ulendo ndi mawu omwewo, ngakhale teremu ya kusukulu ija timaiona ngati yathu, gogo wake ndi mwala womwewo.

"Ndinamuuza kuti iwe, ine ndili pa shifiti, fika pankhani," anatero a Gray. "Ndiye akuti, achimwene, munda uliwonse uli ndi malire. Anga ndawaona, ndipo mwala ndazika ndekha. Lucia musadzamufunse kanthu."

Lucia anadzutsa mutu. Zoti Edmond anaimba foni imeneyi sankazidziwa.

A Gray anapitiriza kuti iwo anamukalipira mng'ono wawoyo, kumuuza kuti ndi mantha chabe, mpaka kudula foni. N'chifukwa chake pamaliro ankathawa maso a mlamu wawo. Iye anamumvera mwamuna wake, pomwe iwo, obadwa naye mimba imodzi, anamutsekera khutu. Pafoni paja azakhali anatsokomola, n'kudandaula kuti netiweki ikuvuta. A Gray anangosendeza foniyo pafupi ndi pakamwa n'kukweza mawu.

"Alamu, mulibe mlandu. Mwatisamalira m'bale wathu mpaka pomaliza. Ife akuchimuna takumasulani."

Lucia anaweramitsa mutu pothokoza monga mwa mwambo. Anangowomba m'manja pang'onopang'ono misozi ikutsika, ndipo sinali misozi ya pamaliro ija. Thupi lonse linapepuka. Belinda anagwada pambali pake n'kufunsa m'Chingelezi chake ngati zatha, mayi wake anagwedeza mutu kuvomereza.

A Gray anatuluka n'kubwera ndi jumbo ya m'sitolo ina ya pa Lafayette Road. Ati Edmond anaimbanso mawa lake ngati kuti sanakalipiridwe, n'kuwatuma kuti alowe m'sitolomo foni ili pavidiyo. Anawazunguza mashelefu onse, ichi ayi, icho ayi, mpaka mwini sitolo anayamba kuwayang'ana ndi diso loipa. Uthenga wa Edmond unali umodzi wokha, woti mkazi wake asavale zakuda chaka chonse, wavutika mokwanira.

Lucia anatsegula jumboyo. Munali chitenje chachikasu chothobwa m'maso, chokhala ndi nsomba zobiriwira zikuluzikulu, iliyonse itayasamula kukamwa. Belinda anagwira pakamwa. Ngakhale a Gray anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

"Ukwati wonse uja, munthu ameneyu sanasankhepo nsalu yabwino ngakhale imodzi," anatero Lucia, akuseka ndi misozi yomwe.

Anaimirira, nachikung'untha kamodzi, n'kuchimanga m'chiuno pamwamba pa diresi lakuda.