Mphaka wa Mkazi Mnzanga

Mwamuna wanga Medhat atakwatira mkazi wachiwiri, Shaimaa, analumbira pamaso pa achimwene anga kuti chilichonse azigawa mofanana. Kwa zaka ziwiri analisungadi lumbirolo ngati munthu woyeza mpunga pasikelo. Lero kwanga, mawa kwa Shaimaa. Akagula nsalu, ankagula ziwiri za mtundu umodzi. Nsomba, mipukutu iwiri. Pa Idi ya chaka chatha tonse tinalandira mapoto ofanana, ndipo ndinaseka nditamva kuti chogwirira cha poto la Shaimaa chinathothoka sabata yomwe chinathothoka changa.

Sindinkadandaula. Mwamuna wogula zinthu ziwiriziwiri saganizira aliyense wa inu, amaganizira mtendere wake. Zimenezo ndikanatha kukhala nazo mpaka kumanda.

Pa Idi ya chaka chino, titamaliza kusala, tsiku loyamba linagwera kwa ine. Anabwera kuchokera kumapemphero atanyamula katoni yaitali. Munali fani yoima yokha. Ndinathokoza, ndinamuikira tiyi ndi makeke a Idi, iye n'kukagona pang'ono. Ali mtulo, Rania, mwana wathu yekhayo amene anakwatiwa ku Damanhur, ananditumizira chithunzi pafoni popanda mawu alionse. Shaimaa ali pasofa, wakumbatira mphaka woyera mbee, wa ubweya wautali ndi nkhope yophwatalala, riboni yofiira m'khosi. Pansi pa chithunzicho Shaimaa anali atalemba kuti dziko lonse liwerenge: mphatso ya Idi yochokera kwa mwini mtima wanga.

Ndinamudikira Medhat kuti adzuke ndi kusamba m'maso.

"Bambo a Rania, fani ya Shaimaa munaigula kuti? Ndaona ili ndi mchira."

Anaika thaulo pampando mosamala. "Mtengo wake ndi umodzimodzi, Nagat. Ndikhoza kulumbira."

"Sindinafunse mtengo."

"Ndimapita kukagula fani yachiwiri, ndiye ndinadutsa pamsika wa mbalame paja. Kanali m'khola, kakundiyang'ana. Sindinaganize n'komwe. Ndinangoti, aka Shaimaa akakonda."

Akanandimenya mbama bwenzi zili bwinoko. Sanaganize. Anangoona chinthu chokongola, dzina la mkazi n'kumufikira lokha pakamwa, ndipo dzinalo silinali langa. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndi munthu ameneyu, ndipo sanabwerepo kunyumba ndi chinthu chimene sanachiganize kaye.

"Ndikufuna wanga," ndinatero.

"Iwe? Iwe amene unathamangitsa mphaka wa aneba ndi tsache mpaka pamsewu?"

"Munalumbira pamaso pa achimwene. Ndiwaimbire? Lero ndi Idi, onse ali pakhomo."

Pa tsiku lachitatu la Idi anabwera ndi mphaka. Anali wotuwa ngati phulusa, woonda, diso limodzi likuchucha. Riboni panalibe.

"Oyera atha," anatero. "Idi ino Alexandria yense wapenga ndi amphaka. Aliyense akugulira chibwenzi chake, mwana wake, ngakhale apongozi. Uyu ndi amene anatsala."

"Ndaona kuti ndi amene anatsala."

"Ndiye fani ndiitenge?"

"Igwireni muone."

Anakagula fani ina ya Shaimaa kuti sikelo ikhale bwino.

Ine ndimasoka mikanjo yakuda ya amayi, makina anga ali pabalaza. Amene sanasokepo nsalu yakuda m'nyumba ya mphaka sadziwa kuti ubweya ndi chiyani. Mkanjo uliwonse ndinkausesa ndi burashi kawiri mwini wake asanabwere. Mphakayo sindinamutche dzina. Diso lake ndinkalipukuta ndi tiyi wozizira, osati chifukwa cha chifundo koma linkandichititsa nseru. Linachira ndithu, kungotsala kachifunga koyera pakati. Atachira anayamba kunditsatira kulikonse. Ndikamasoka ankagona pa phazi langa lamanzere, limene siliponda makina. Ndinkamukankha, ankabwerera. Medhat sanamukhudzepo.

Patatha miyezi iwiri, Medhat anabwera pa tsiku langa atanyamula dengu lokhala ndi chivundikiro. M'katimo munkamveka kulira kwaulesi, kwa chinthu chozolowera kunyengereredwa.

"Shaimaa ndi woyembekezera," anatero, akuyang'ana dengu osati ine. "Mayi ake akuti ubweya wa mphaka umawononga mwana m'mimba. Dokotala akuti sizili choncho kwenikweni, koma mayi akewo ukuwadziwa. Ndiye tinati, popeza iwe uli naye kale wina…"

"Tinati."

"Miyezi yochepa chabe. Akachira adzamutenga. Dzina lake ndi Ishta. Amadya nkhuku yowiritsa yopanda mchere, ndipo amafunika kupesedwa tsiku lililonse."

"Nanenso ndimafunika nkhuku. Mwandibweretsera?"

Anaseka, akuyesa kuti zatha. Umu ndi mmene ndinamvera kuti mkazi mnzanga ali ndi pakati: pakati pa malangizo a kadyedwe ka mphaka. Ndinati, "Mulungu amusunge mwanayo," ndipo ndinanena zoona, mwana sanandilakwire. Dengulo ndinalilandira chifukwa manja anga ankafuna chogwira.

Ishta anatuluka, nayenda m'nyumba mwanga ngati wabwera kudzaona ngati ingagulidwe. Anasankha mpando wa Medhat. Wotuwa uja atamuyandikira kuti amununkhize, anamukanda pamphuno. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munali nkhondo. Ubweya woyera unkauluka ngati thonje. Ishta anakodzera mpukutu wa nsalu yatsopano. A Hajja Fawzeya, amene ndawasokera kwa zaka khumi, anandibwezera mkanjo atautsina ndi zala ziwiri.

"Mwana wanga, ndinapita nawo kumaliro. Mayi wina anandifunsa ngati ndimagona ndi nkhosa."

Zonsezo ndikanapirira. Chimene sindinapirire chinachitika Lachiwiri lina, tsiku la Shaimaa. Cha m'ma fili koloko masana ndinamva kiyi pachitseko. Anali Medhat, atanyamula kapepala ka ziwindi za nkhuku. Kwa zaka ziwiri munthu ameneyu sanapondepo pakhomo panga pa tsiku la mnzanga. Chaka chatha nditagona ndi malungo a chimfine masiku anayi, pa masiku a Shaimaa ankangoimba foni, akuti chilungamo ndi chilungamo. Lero anavula nsapato, nakhala pansi pa kapeti, mwamuna wa imvi ndi mimba yake, n'kuyamba kupesa mphaka.

"Wasowa bambo ako? Akukusunga bwino amayi awa? Taona waonda, mwana wa ine."

Mawu amenewo, otsika choncho, ndinali ndisanawamve kuyambira Rania ali khanda. Ndinamuikira tiyi. Anakhala kanthawi, anapsompsona mphaka pamutu, napita. Tiyi anazizira mu kapu.

Mawa lake m'mawa ndinaika amphaka onse awiri m'madengu, ndinakwera minibasi kupita ku dera la Moharram Bek. Mayi wina amene ndimamusokera anali atandiuza za Madamu Gehan, amene amasunga amphaka otayidwa pamwamba pa nyumba yakale yosanjikizana. Maganizo anga anali amodzi. Ndikawasiya onse, Medhat ndidzamuuza kuti zenera linali lotsegula. Shaimaa akadzachira adzapeza dengu lopanda kanthu.

Fungo linandilonjera ndili pansanjika yachitatu. Pamasitepe panali makatoni obooledwabooledwa amene anthu anasiya n'kuthawa, ena akuyenda okha. Pachitseko chachitsulo chapamwamba panali pepala lolembedwa ndi dzanja: tadzaza, musagogode. Ndinagogoda.

Anatsegula mayi wa msinkhu wanga, wamfupi, mikono yonse zipsera za zikhadabo, atagwira fosholo yowolera mchenga. Anayang'ana madengu.

"Musatsegule, ndinene ine," anatero. "Woyera, ubweya wautali, mphatso ya Idi. Wina ali ndi pakati, kapena mwana akuyetsemula, kapena mwagula sofa yatsopano."

"Pakati. Ndipo ndi awiri."

"Mulungu akuwonjezereni. Kuwerenga mumatha, mayi? Pepala ilo."

"Ndakwera masitepe onsewa, Madamu. Ndipatseniko madzi."

Anandilowetsa chifukwa cha madziwo. Denga lonse linali lotchingidwa ndi waya, ndipo paliponse pamene diso lingagwere panali mphaka. Pa matanki a madzi, m'mabeseni, m'makola osanjikizana atatuatatu. Ambiri anali a ubweya wautali ngati Ishta, koma ubweyawo utapotana n'kukhala zibuma, ena atametedwa mpaka khungu. Mmodzi anali akadali ndi kabelu m'khosi.

"Malo ano ndi a amphaka makumi asanu," anatero Madamu Gehan. "Ndili nawo oposa zana ndi makumi atatu. Chaka chilichonse ndi zomwezi. Pa Idi amuna amagula, pakatha milungu isanu ndi umodzi akazi amandibweretsera. Sindinaonepo mwamuna akukwera masitepe amenewa."

"Ndiye awiri okha angasinthe chiyani?"

"Aliyense amatero." Anapukuta thukuta ndi phewa. "Muli ndi mwayi wa mtundu woipa. M'mawa uno wina wafa, khola lake ndangolitsuka. Malo amodzi. Osati awiri, ndipo mukasiya winayo pamasitepe ndikutsatirani mpaka kwanu. Tsegulani ndione."

Ndinatsegula. Ishta anatulutsa mutu n'kuyasamula. Wotuwa anatuluka, naona khamu lonselo, n'kudzapanikiza thupi lake pa mwendo wanga.

Madamu Gehan sanachedwe. "Siyani woyerayu. Ndi wamng'ono, ndi wokongola, ndikamujambula lero n'kuika chithunzi pa intaneti, pofika Lachisanu wina amutenga, khola lipezanso wina. Wotuwayu, ndi diso limenelo, palibe adzamufunse. Akalowa muno ndiye kuti adzafera muno. Komanso taonani, ndi wanu kale uyu."

Zinali zomveka. N'zimene ndinabwerera: kuti Ishta achoke, atengedwe ndi anthu osadziwika, asadzaonekenso. Ndinagwira dengu lake kuti ndipereke. Ubweya wake unali wosalala bwino, chifukwa Medhat anali ataupesa dzulo lake. Pamenepo ndi pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito, monga umachitira ndikayala nsalu n'kuona kuti ndimafuna kudula mbali yolakwika.

Dzulo ndinaona chipongwe chokha. Sindinaone kuti pa tsiku la Shaimaa, mkazi wamng'ono woyembekezera, mwamuna ananyamuka n'kubwera kwanga popanda womuitana. Malungo anga sanamubweretse. Achimwene anga sakanamubweretsa. Chinthu chokhacho mu Alexandria yense chimene chinathyola sikelo yake chinali m'dengu limene ndinali kupereka kwa mlendo.

Ndinabweza dengu la Ishta, ndinavundikira.

"Woyerayu si wanga," ndinatero. "Ndangosungitsidwa. Sindingamupereke."

"Koma mwakwera naye masitepe onsewa."

"Tengani wotuwayu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanafunse chifukwa. Ndikuganiza kuti pa denga limenelo anamvapo kale zifukwa zonse zimene anthu ali nazo. Anawerama, namunyamula wotuwa pakhosi mwaluso. Zikhadabo zake zinakola m'mphepete mwa mkanjo wanga, ndipo ndinazichotsa ndekha, chimodzichimodzi, kuti nsalu isakokeke.

"Dzina lake?" anafunsa, atatenga kakhadi ndi cholembera.

"Alibe."

"Miyezi ingati muli naye?"

"Itatu."

Analemba kena kake pakakhadi, nakamangirira pa khola. "Madzi mwamwa. Tsekani chitseko bwino potuluka."

Potsika masitepe ndinamumva akulira. Pakati pa amphaka onsewo mawu ake ndinawazindikira, zimene sindinkayembekezera. Sindinaime. Popita kunyumba ndinatsika pamsika, ndinagula nkhuku ndi chipeso cha mano otalikirana.

Madzulo a tsiku limenelo Medhat anabwera monga mwa nthawi zonse, linali tsiku langa. Anadya, anaonera nkhani, Ishta ali pamiyendo pake. Za wotuwa sanafunse. Ndinali nditakonza bodza la zenera, koma silinafunike tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse.

Lachinayi, tsiku la Shaimaa, anabweranso masana. Loweruka chimodzimodzi. Ndinaphunzira kumuuza pafoni, ngati nkhani yongodutsa, kuti Ishta lero sanadye bwino, kapena akukhala pakhomo kuyang'ana chitseko. Nthawi zina zinali zoona. Kanthawi kaja kanakula kufika ola, kenako anayamba kumwa tiyi, kenako tsiku lina anagona tulo pa kapeti, mphaka ali pachifuwa. Salankhula nane zambiri. Amalankhula ndi mphaka, ine ndikumva ndili pa makina, phazi lamanzere lili lozizira pa simenti.

Tsiku limene anagona pa kapetilo foni yanga inalira. Anali Shaimaa. Chikwatiwire anali asanandiimbirepo.

"Achemwali, muli bwanji? Pepani kukusokonezani. Foni ya Medhat sikuyankhidwa. Ali kumeneko?"

"Alipo."

Ndinkamva fani yake ikuzungulira.

"Lero ndi tsiku langa, achemwali."

"Ndikudziwa, mng'ono wanga. Wabwera kudzaona mphaka wako."

"Ndiye muwauze kuti chakudya chapsa kalekale."

Ndinayang'ana pa kapeti. Dzanja la Medhat linali litamira mu ubweya woyera, kukamwa kuli yasa.

"Wagona," ndinatero. "Vundikira chakudyacho. Akadzuka ndimuuza."