Mango a Mumgolo

A Fraser atabwerera ku Likoswe kuchokera ku Bulawayo, komwe anatchona mpaka imvi, choyamba kufunafuna inali mitengo ya mango ya mayi awo. Anali maboloma akuluakulu, oti mbumba yonse inkakhala pamthunzi pake n'kutsalanso malo a mbuzi. Anapeza zitsa. Mitengoyo anthu anawotchera njerwa, ndipo nyumba zinali zitathithikana moti munthu akayetsemula kuno, wa nyumba inayo ndiye amapukuta kumaso.

Mlongo wawo, a Selestina, anawapatsa kanyumba ka kuseri ndi kabwalo koti ukayanika bulangete katha. A Fraser anakwera minibasi kupita ku Namadzi kukasaka mbande.

Pafupi ndi siteji panali mayi wina, Ruqaiya, wogulitsa mbande za m'machubu.

"Ndikufuna boloma," anatero a Fraser.

"Bwalo lanu ndi lalikulu bwanji, bambo?"

Anatambasula manja, kenaka n'kuwabweza pang'ono.

"Iii, pamenepo boloma akugwetserani nyumba! Tengani womezanitsawu. Sutalika kuposa denga, ndipo ubereka mukadali ndi mano otafunira."

A Fraser anakayang'ana kamtengoko monyansidwa. Mtengo wanji umene mwana sangakwere, sangagwe, sangabisalemo pothawa chikwapu? Dziko lonse linali litafupika: minda, mitengo, ngakhale moni amene. Komabe anagula, nakafungata m'minibasi ngati khanda, uku akukalipira kondakitala kuti asakapsinje ndi thumba la mbatata.

Atafika anayamba kukumba kuseri kwa kanyumba kawo. Khasu lisanalowe bwino, kunatulukira Tikhala, mwana wamkazi wa a Selestina, manja m'chiuno.

"Amalume, dzenjelo ndi la chiyani?"

"La mtengo. Kapena ukuona ngati ndikudzikumbira manda?"

"Pepani, pano simubzala. Malo ano ndi a ife akazi, mukudziwa. Mtengo umalankhula. Mawa ana anu a ku Zimbabwe adzabwera ndi masuti, adzati mtengo uwu ndi wa bambo athu, dothinso ndi lathu."

A Fraser analasa khasu pansi.

"Iwe Tikhala! Woletsedwa kubzala mtengo ndi mkamwini, munthu wobwera ndi chikwama kudzakwatira. Ine ndinabadwira pano, pamene wamangapo bafa yakoyo. Ndine mwini mbumba!"

"Mwini mbumba amene pamaliro a agogo anatumiza moni?"

Mawuwo anawalowa ngati munga wa m'chidendene. Anafuna kunena za njanji zimene anakonza ali kunjako, za mapepala a pachipata cha m'malire amene anawakanika chaka chimenecho, koma anadziwa kuti kwa mtsikanayu zonsezo ndi nthano za mtchona.

A Selestina anabwera pang'onopang'ono, atatsamira ndodo.

"Achimwene, tisachititsane manyazi. Kuseri kwa khola kuli mgolo wodulidwa pakati. Mtengo wanuwo ndi waufupi, bzalani mmenemo. Mukadzafuna kubwerera kwanu mudzaunyamula."

Kwanu! Mlongo wawo weniweni, woyamwa bere limodzi, akuti kwanu. Ku Bulawayo anakalamba akutchedwa mlendo wa ku Nyasalandi, ndipo ankapirira poti kwawo kunalipo. Lero kwawoko akuwauza kuti akhale mumgolo, iwo ndi mtengo wawo, okonzeka kunyamulidwa.

Anapita kukhola, nagubuduza mgolowo mpaka pakati pa bwalo. Anautembenuza, natenga nkhwangwa. Phokoso lake linatulutsa anthu m'nyumba zonse zothithikanazo. Anatema, natema, mpaka pansi pake ponse panachoka. Kenaka anaukhazika padzenje paja, nathiramo dothi ndi manyowa, n'kuikamo kamtengo kawo. Mizu inali ndi njira yopita kumene ifuna, ndipo aliyense anaona.

"Amayi, mukuona zimenezi?" anakuwa Tikhala. "Mgolo wopanda pansi! Mukungoyang'ana?"

A Selestina anayang'anitsitsa mchimwene wawo, thukuta lili chuchuchu, nkhwangwa ikadali m'manja.

"Maso angawa anakalamba," anatero. "Ine ndikuona mgolo basi. Katunge madzi, mtengo wa amalume ako ungafote."

Tikhala anatsonya, natola ndowa. A Fraser sanathokoze. Anagwada, natsindira dothi ndi zibakera.