Madzi Osamba a Tobias

A Bertha Arzu ndinawadziwa m'chaka cha 1975, kunyumba yosamalira okalamba ku Hamilton, mzinda wa kufupi ndi Toronto, komwe tonse tinkasambitsa ndi kudyetsa azungu amene ana awo analibe nthawi. Tsiku loyamba ndinawapatsa moni m'Chichewa, poti nkhope yawo inali ya ku Ntcheu kwenikweni, ndipo ndinakhumudwa atangondiyang'ana ngati ndasokonezeka mutu. Anandiuza m'Chingerezi kuti kwawo ndi ku Belize, ndipo mtundu wawo ndi Agarifuna, anthu akuda amene makolo awo anachotsedwa pachilumba china kalekale n'kukatayidwa m'mphepete mwa nyanja kudziko lachilendo. Ali ndi chiyankhulo chawochawo, ndipo pa kudya chinangwa amaposa ndi Atonga a ku Nkhata Bay omwe. Anali aakulu kwa ine, koma tinagwirizana msanga.

Mwana anali naye mmodzi yekha, Tobias. Ankagwira ntchito pafakitale ina ya zitsulo, ndipo tsiku lina chitsulo chinamugwera. Anafera pomwepo. Pamaliro ndi pamene ndinawaona Agarifuna onse a dera lino, ochokera ku Toronto, ku Mississauga ndi ku Brampton. Sakanadzaza ndi basi imodzi yomwe, koma anasenza zonse okha: bokosi, chakudya, nyimbo, ngakhale kuchapa zovala za namfedwa. Ine ndinangokhala pakona ndi chitenje changa, ndikudzifunsa ngati ife Amalawi tikanakwanitsa zotero.

Patapita miyezi, chisanu chitafika pachimake, a Bertha anayamba kutha ngati sopo. Maso analowa m'kati. Tsiku lina ndinawapeza ataima m'bafa, mpopi ukungotayika, gogo wachizungu akunjenjemera pampando osapukutidwa. Woyang'anira ntchito anawachenjeza kuti zikachitikanso achotsedwa. Pa nthawi ya tiyi ndinawakokera pambali.

"Achemwali, mukudwala chiyani?"

"Sindikugona, Hilda. Tobias akubwera."

Anati akangotseka maso amamuona ataima pakhomo ndi zovala zake za kuntchito, wakuda bii ndi mwaye, akudzikanda m'khosi. Sanena zambiri. Amangoti, "Mama, kwatentha." Kwawo zimenezo sizifuna womasulira: wakufayo akupempha kusamba. Achibale amakumba dzenje m'mamawa m'nyumba momwemo, poti pansi pake ndi padothi. Amapachika zovala zoyera pamwamba pake, ndipo aliyense amathira madzi m'dzenjemo. Mchenga ukamwa madziwo, ndiye kuti munthu wasamba, walandira, ndipo amasiya kuvutitsa amoyo.

"Nanga mukudikira chiyani?" ndinafunsa.

"Dothi, Hilda. Ndilipeza kuti dothi? Ine ndimakhala m'mwamba ngati mbalame. Anthu anga onse ali m'nyumba zosanjikizana. Panja nthaka yauma ngati mwala, ndipo ukakumba papaki apolisi akugwira."

Ine pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, ndinabadwa choncho. Nyumba yomwe tinkachita lendi inali yakalekale, ndipo m'chipinda chake cha pansi, pakona pomwe kale ankasungirapo malasha, panalibe simenti. Panali dothi lenileni, losauma ndi chisanu chifukwa cha ng'anjo yotenthetsa nyumba. Ndinawauza kuti abwere, amuna anga ndisanawafunse n'komwe.

Amuna anga, a Overtone, ankagwira ntchito m'labu ku yunivesite, ndipo kutchalitchi ndi iwo ankawerenga mawu. Nditawafotokozera anaika foloko pansi.

"Mayi a Alice, are you serious? Mizimu m'beseminti mwanga?"

"Si mizimu, bambo a Alice. Ndi mayi akufuna kusambitsa mwana wake."

"No, no, no. Ife ndife Akhristu. Nanga landilodi akamva? Atithamangitsa m'winta muno, tikagona kuti ndi mwana?"

"Iwonso ndi Akhristu, amapita ku Misa kuposa ife. Maliro n'kulirana. Inu mutagwa lero, Amalawi tilipo angati kuno oti n'kukunyamulani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwapromisa kale, eti?"

Ndinavomera ndi mutu. Iwo anati zimenezo sadzaziona ndi maso awo, ndipo pansipo sadzatsikako. Koma tsiku lisanafike ndinapeza fosholo yobwereka atayitsamiritsa pakhomo la chipinda cha pansi, ndipo sitinakambiranepo.

Agarifuna aja anafika Loweruka kukungoyamba kuyera, magalimoto atadzaza, ena atabwera ndi ana ali m'tulo. Wotsogolera zonse anali mayi wina wojintcha dzina lake Dionisia, amene ankakolopa ndege kubwalo la ndege. Mayi ameneyo sindinamukonde. Mawu ake anali ngati akuitana munthu wa tsidya la mtsinje, ndipo asanandipatse moni ananyoza kale masitepe anga kuti ndi opha anthu. Ndinali nditamva kuti iye ndi a Bertha sayankhulana kuyambira kwawo, pa nkhani yomwe ena onse anaiwala. Komabe ndi iye amene anabwera ndi ndowa ya madzi osefedwa m'chinangwa, ndi masamba ouma othira m'madzimo omwe anasunga kuchokera ku Belize.

Amuna awiri anakumba dzenje lalitali koma losazama. Pamwamba pake anamanga chingwe n'kupachikapo malaya oyera, buluku lositidwa ndi thaulo latsopano. Vuto linali lakuti othira madzi amayenera kukhala achibale, ndipo a Bertha kuno analibe wachibale ndi mmodzi yemwe. Dionisia sanataye nthawi. Anayamba kuloza ndi chala: "Iwe lero ndiwe malume ake. Iwe ndiwe azakhali. Inu awiri ndinu asuweni." Palibe anaseka. Aliyense anangogwedeza mutu n'kuima pamzere.

A Bertha ndiwo anayamba. Anathira madzi pang'onopang'ono, kuyambira kumutu kwa dzenje mpaka kumiyendo, akuyankhula motsitsa m'chiyankhulo chawo. Ena anatsatira, aliyense ndi chikho chake ndi mawu ake. Ine ndinali pamasitepe, ndipo misozi inkangotsika yokha. Atatha onse, anabwerera m'mbuyo kudikira kuti nthaka imwe.

Nthaka siinamwe. Kwawo ndi mchenga wa kunyanja, umene umamwa madzi usanaike n'komwe chikho pansi. Koma dothi la pansi pa nyumba yathu linali makande enieni, aja amakanirira kukhasu. Madzi anangoti phaa m'dzenjemo, babu la magetsi likuonekeramo. Tinadikira. Mwana wina anatsokomola, mayi ake n'kumutseka pakamwa.

"Wakana," anatero a Bertha.

Ananena m'Chingerezi, kotero ndinamva bwinobwino. Wina anayesa kuwagwira paphewa, koma anachotsa dzanjalo.

"Wakana madzi anga. Ndipo akulondola. Anali msodzi mwana uja, anali ndi bwato lake, ankasamba m'nyanja tsiku lililonse. Ndine ndinamuitana. Ndinati bwera kuno, kuli ntchito yabwino. Ndinamuchotsa m'madzi n'kumuika pamoto."

Anakhala pansi pa sitepe yomaliza, n'kudzifunditsa nsalu kumutu. Sanalire, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa. Ndinaona kuti akachoka m'nyumba mwanga madzi aja ali chiimire, sadzagonanso, ndipo ntchito yokha si imene adzataye.

Ambiri mwa anthu aja anali ndi shifiti tsiku lomwelo. Ndinkayembekeza kuti ayamba kuyang'ana mawotchi n'kutsanzika mmodzimmodzi. M'malo mwake anayamba kukwera mmodzimmodzi kukapempha foni, ndipo ndinkawamva akuuza mabwana awo kuti adzuka ndi chimfine. Akatero ankabwerera n'kukhala pamalo pawo, ena pazidebe, ena pamakatoni athu. Nthawi ina chitseko cha pamwamba chinatseguka, dzanja la amuna anga n'kuika thireyi ya tiyi pa sitepe yoyamba. Mwini dzanja sanaoneke.

Dzuwa linafika pakazenera kakang'ono ka m'mwamba. Madzi anali atatsika pang'ono kwambiri, mwina ndi maso anga okha ankafuna kutero. Mtima wanga unayamba kuwira. Ndinakwiyira dothi, ndinakwiyira dziko lozizira lino lomwe ngakhale nthaka yake siidziwa kulandira mlendo, koma makamaka ndinadzikwiyira ndekha. Ndine ndinawaitana anthuwa. Ndinkafuna kuthandiza, ndipo ndinangowakonzera malo oti mayi amve mwana wake akumukana.

Ndinaona kuti a Bertha akadali chifundire, ndipo ena akuwodzera. Ndinatenga kapu yomwe ndinamwera tiyi, n'kugwada pambali pa dzenje ngati ndikukonza thaulo. Ndinaganiza kuti ndikatunga pang'onopang'ono n'kumathira m'ndowa kumbuyo kwanga, madzi atha, iwo akadzafundukula apeza dzenje louma. Mulungu akanandikhululukira bodza limenelo. Kapu isanakhudze madzi, dzanja linandigwira pamkono ngati pulayazi.

"Kodi kwanu mumalanda munthu madzi ali m'kati mosamba?"

Anali Dionisia, ndipo mawu ake anadzutsa aliyense. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinayesa kunong'ona kuti dothi ili ndi makande, silimwa madzi, si nkhani ya Tobias.

"Dothi ndikuliona, maso ndili nawo," anatero. Anandilanda kapu ija n'kuiika patali. Kenako anatembenukira ku masitepe. Onse anatchera khutu, poti ankadziwa kuti akazi awiriwa sanatchulanepo dzina kwa zaka zambiri.

"Bertha. Bertha, tafundukula, ndikuyankhula ndi iwe. Mwana wako uja analowapo m'bafa n'kutuluka msanga? Tandiuza. Ngakhale ife sitinkayankhulana, atangofika kuno anagona kwanga ku Toronto iwe usanapeze nyumba, kapena waiwala? Ndinkachedwa kuntchito chifukwa cha iye. Ndinkagogoda mpaka chala kutupa, iye ali m'katimo ngati bakha."

Nsalu ija inagwedezeka pang'ono.

"Akwathu amasamba msanga poti amafa ali oyera, nyanja ili pakhomo. Uyu wafera mu utsi. Wakhala miyezi yonseyi ndi mwaye wa fakitale m'makutu, m'zikhadabo, m'tsitsi. Ndiye ukufuna angolowa n'kutuluka? Wakana ndani? Madzi akanawakana bwenzi atawataya kunja. Ali momwemo, akudzikhula."

A Bertha anachotsa nsalu kumutu. Anayang'ana Dionisia, kenako anayang'ana dzenje. Pakhosi pawo panatuluka phokoso lomwe sindinadziwe ngati kunali kuseka kapena kulira, ndipo ndikhulupirira kuti ngakhale iwo sanadziwe.

"Ankaimba," anatero. "Ankati akalowa m'bafa amayamba nyimbo, ndipo sankatuluka isanathe. Ikatha ankayamba ina."

"Ndi mawu oipawo," anatero Dionisia.

Apo ndi pamene analira, kulira kwenikweni kumene sanalire ngakhale kumanda, ndipo azimayi ena analira nawo. Atatha anadzuka okha, n'kukagwada pambali pa dzenje. Anakonza thaulo pachingwe kuti likhale pafupi, anawongola kolala ya malaya, n'kuweramira kumadzi kuja. Ananena mawu ochepa m'chiyankhulo chawo, ndi liwu lomwe mayi amayankhulira ali kunja kwa chitseko. Kenako anakhala pansi pomwepo, padothi, n'kutsamira pa Dionisia. Posakhalitsa mutu unagwera paphewa, pakamwa panatseguka pang'ono, ndipo anagona. Madzi anali akadali m'dzenjemo, ndipo palibe amene anawayang'ananso.

Ndinasendera pafupi n'kufunsa motsitsa kuti a Bertha anena chiyani kumadzi kuja. Dionisia anandiyang'ana ngati andikalipiranso, koma sanafune kugwedeza phewa.

"Akuti usafulumire, mwanangu. Palibe akugogoda."