Miyendo ya pa Chithunzi

Mayi Estele anali atatopa nayo nkhani ya udzudzu. Anakwatiwa nayo, anabereka nayo ana, mpaka imvi zinawamera akuimvabe. Amuna awo, a Cassimiro, akangoona mlendo wakhala pamkeka, ankapinda buluku mpaka m'mawondo n'kuyamba: "Miyendo mukuionayi inadyetsapo udzudzu wa boma." Anthu a ku Lifidzi akaona buluku likupindidwa ankakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya mbuzi zosamanga.

Nkhani yake inali iyi. Nthawi ya nkhondo yaikulu ya Azungu, a Cassimiro adakali mnyamata, kunabwera dotolo wina wa ku Lisboa atanyamula mbewa zoyera m'mabokosi, ndipo anthu anamutcha Kambewa. Ankafufuza nthenda imene iye ankaitcha febre amarela, malungo osandutsa maso chikasu. Anatenga anyamata a pa mishoni n'kutsika nawo kuchigwa chotentha, kumunsi kwa Zóbuè, kumene udzudzu ndiye mwini dziko. Ntchito yawo inali yokhala pabanku m'munda wa nthochi masanasana, miyendo pamtunda, osaloledwa kudzikanda. Udzudzu ukatera ankaudikira uyambe kuyamwa, kenaka n'kuuvundikira ndi kabotolo. Pakutha pa sabata dotolo ankawapopa magazi n'kubaya nawo mbewa zija. Mmodzi wa iwo, Romano, anatentha thupi n'kumwalira komweko. Dotolo analongedza mbewa zake n'kumapita, osanena chimene anapeza m'magazimo, ndipo otsalawo pofika kumudzi anapeza mbiri itawatsogolera yakuti anagulitsa mnzawo kwa anamapopa.

Anzawo aja anatha mmodzimmodzi, wina ku migodi ya ku Joni, wina ndi chifuwa, mpaka anatsala a Cassimiro okha.

"Lidzafika tsiku, amake Zita," ankatero, "adzabwera munthu kudzandifunsa. Ntchito ngati imene ija singathere m'mimba mwa mbewa. Maina a anzanga aja ayenera kumveka."

"Eya, abambo a Zita," ankayankha mayi Estele, maso ali pa nyemba zimene ankasankha. Ankawaitana choncho chikwatirane. Dzina lenileni la amuna awo linali lisanatulukepo pakamwa pawo, pakuti mkazi woleredwa bwino satchula mwamuna wake ngati akuitana mwana. Koma mumtima ankati: wofunsayo akadzabweradi, adzawatenge ndi nkhani yawo yomwe, makutu angawa apumuleko.

Chaka cha 1973 sichinali chaka chabwino chofunsidwa dzina. Nkhondo yomenyera ufulu inali italowa m'dziko la Tete. Jipe ya asilikali ikaima pakhomo n'kufunsa mwamuna pomutchula dzina, mwamunayo ankakwera, ndipo kubwerako kwake kunali kwa mwayi. Mlamu wawo wa mayi Estele anapita choncho nthawi yokolola, malaya ake n'kutsala pachingwe. Akazi a m'mudzimo anaphunzira msanga kuti kuyankha kuti "achokapo" n'kutaya nthawi, chifukwa jipe imabweranso mawa. Yankho lotseka njira linali limodzi lokha, ndipo onse ankalidziwa popanda wowaphunzitsa.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, mphepo ikuulutsa makoko a nyemba pabwalo, jipe inaima pansi pa mtengo wa mapichesi. A Cassimiro anali kudimba, kuseri kwa nkhokwe chakumunsi, akuthirira mbatatesi. M'jipemo munatuluka dalaivala, msilikali wa mfuti paphewa, ndi mtsikana wovala juzi, atanyamula chikwama cholemera.

"Bondiya, amayi," anatero mtsikanayo. Chinyanja chake chinali chotsimphina, koma chomveka. "Ine ndine Leonor. Ndachokera ku Lourenço Marques, ku shikola ya udotolo. Ndikufuna a Cassimiro, amene anagwira ntchito ndi dotolo wa mbewa."

Mayi Estele anayala mkeka, chifukwa mlendo ndi mlendo ngakhale abwere ndi mfuti. Anayang'ana msilikali uja, anayang'ananso chimene mtsikanayo ankatulutsa m'chikwama: makina okhala ndi timagudumu tiwiri, amene anthu ankati amameza mawu a munthu n'kukawalavula ku maofesi osatchulidwa dzina. Anakumbukira malaya aja pachingwe.

"Anatisiya," anatero. "Chaka chatha, nthawi ya mvula."

A Verónica, mnansi wawo, anali ataimitsa musi kuti amve bwino. Anayandikira akupukusa mutu. "Zoona, dona. Maliro ake tinagonera pakhomo pompano. Anavutika zedi."

Kutopa kunkaoneka m'maso mwa Leonor, kutopa kwa munthu amene wagwedezeka pamsewu masiku ambiri kuti adzamve mawu amodzi okhawo. Anafunsa ngati angaone manda. Anamuyankha kuti kumanda sikulowedwa popanda maliro, ndipo apa pokha ndiye sananame.

Kenaka mtsikanayo anatulutsa chithunzi chakale n'kuchipereka ndi manja awiri. Panali miyendo yokhayokha, ya anyamata okhala pabanku, mabuluku opinda, mabotolo m'manja. Chithunzicho chinathera m'chifuwa. Mutu ngakhale umodzi panalibe.

"Dotolo uja anamwalira," anatero Leonor. "Ine ndikusonkhanitsa mbiri ya ntchito imene ija isanatayike. M'mapepala ake analemba za udzudzu ndi za mbewa, mbewa iliyonse ndi nambala yake, koma za anthu ayi. Pojambulapa ankafuna udzudzu, ndiye mitu sanaisamale. Dzina limodzi lokhali anandipatsa ndi padiri wina, wansembe wokalamba. Ndimafuna ndidziwe eni miyendoyi, amayi. Sanakuuzenipo kanthu?"

Mayi Estele anauona mwendo wachitatu, wa chipsera cha khasu pamsana pa phazi. Anauzindikira monga momwe munthu amazindikirira mbuzi yake pakati pa za eni. Apa m'pamene anadziwa kuti uyu ndiye munthu uja ankamudikira zaka zonsezi. Pakamwa panatseguka. Koma msilikali anasuntha mfuti kuichotsa paphewa lina kuika pa lina, ndipo a Verónica anawatsina pachigongono. Munthu amene wamuika m'manda pamaso pa msilikali ungamudzutse bwanji osafunsidwa chimene umamubisira?

"Amuna sauza akazi zoterezi," anatero mayi Estele. Limeneli ndiye linali bodza lonenepa kuposa loyamba lija, ndipo ngakhale a Verónica anayang'ana kumbali.

Leonor analemba mawu amodzi m'pepala lake, n'kubwezera makina m'chikwama asanawazungulitse n'komwe. "Chithunzichi sungani, amayi, ndili nacho china. Pepani ndi maliro." Jipe inatembenuka n'kusiya fumbi pa nyemba.

A Cassimiro anatulukira dzuwa litapendeka, matope m'miyendo, chithirira m'manja. Mayi Estele akuganizabe koyambira, a Verónica anali atawachingamira kale, nkhope ili ngwee ngati munthu wopulumutsa mwana m'moto.

"Lero mutithokoze, achimwene! Anabwera kudzakutengani, ati za mbewa zanu zija. Takuikani m'manda bwinobwino, mpaka kamtsikanako kanapepesa."

A Cassimiro anaika chithirira pansi. Analandira chithunzi n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa mwendo uliwonse. Sanafunse zambiri. Anangoti, "Anati akugona kuti?" Panalibe wodziwa.

M'mawa mwake anakwera njinga kupita ku Ulongwe, munthu amene mawondo ake anali atakana kale zitunda. Kumeneko anamva kuti mtsikana wa makina anachoka m'mamawa ndi koluna, mndandanda wa magalimoto a asilikali opita ku Tete, ndipo panalibe amene akanamuuza kuti nkhalamba ina yakufa ikumufuna. Anabwerako madzulo akukankha njinga, chifukwa mphamvu zopalasa zinali zitathera m'njira.

Mayi Estele anali atakonzeka kukalipiridwa. Anali ndi mayankho ake okonzeratu: za mlamu, za mfuti, za ana. Koma amuna awo anatsamiritsa njinga pankhokwe n'kukhala pakhonde.

"Mwachita bwino, amake Zita. Mukanatani? Ine ndinali nditatsala ndekha. Tsopano tatha tonse, basi."

Kuyambira tsiku limenelo buluku silinapindidwenso. Alendo ankabwera, kucheza za mitengo ya fetereza ndi za nkhondo, n'kuchoka osakumbukira mbuzi. Chimene mayi Estele ankapempha zaka zonse anachilandira, ndipo chinawawawa. Pakhomo panali zii ngati pofedwadi. Posankha nyemba ankapezeka akuyembekezera mawu aja akuti "miyendo mukuionayi", koma ankangomva nkhuku. Chithunzi anachitsomeka kudenga, pakati pa udzu ndi phaso, ndipo a Cassimiro ankachidutsa ngati sakuchiona. Chifuwa chinawagwira nthawi ya mvula, n'kuwasiya ali oonda, okonda kugona padzuwa.

Chaka chotsatira kunamveka kuti ku Lisboa, kulikulu la boma la atsamunda, zinthu zatembenuka ndipo nkhondo ikutha. Jipe zinayamba kusowa m'misewu. Mayi Estele ankati mwina mtsikana uja abweranso, koma angabwerere chiyani kwa munthu amene anamulemba yekha kuti anamwalira?

Amene anabwera ndi Zita, mwana wawo woyamba, wophunzitsa ku Fonte Boa, kudzaona odwala. Posesa m'nyumba anagwetsa chithunzi chija n'kutuluka nacho pabwalo, pamene bambo ake anagona pamkeka.

"Ababa, miyendo iyi ndi ya yani?"

"Funsa amoyo," anayankha a Cassimiro, maso ali chitsinzinire.

Mayi Estele anamva mawuwo akuwalasa. Anaika lichero pansi, anapukuta manja pachitenje, n'kulanda chithunzicho.

"Bwera kuno, Zita. Khala apa, umve, ndipo ukakalembe kushikola kwakoko." Anaika chala pa mwendo woyamba. Anadabwa okha kuona mawu akutuluka osawafunafuna, ngati madzi a pakasupe. "Uwu ndi wa Filipe, amene ankaimba nyimbo za kutchalitchi kuti aiwale kuyabwa. Uwu ndi wa Timóteo, anakafera ku Joni. Uwu wa Pita, amene ankaba nthochi za mbewa. Wowondawu, wakumapetoku, ndi wa Romano. Anatentha thupi Lachitatu, anzakewa n'kumamunyamula kupita naye kumtsinje kukamuziziritsa, ndipo anamuika pansi pa mlambe. Palibe anamugulitsa. Anamulira ngati m'bale wawo."

"Nanga uwu wachitatu, amayi? Mwaudumpha."

"Awo ndi abambo ako."

"Kambewa anadula mitu," anamveka mawu kuchokera pamkeka, otsika, osakwiya. "Inunso mudula dzina?"

Mayi Estele anayang'ana chipsera cha khasu pachithunzi, n'kuyang'ananso phazi lenilenilo, lotuwa, lotuluka kunja kwa bulangete. Manyazi anawagwira ngati namwali. Zita anaweramitsa mutu. Ngakhale a Verónica, amene anali kuseri kwa mpanda monga mwa nthawi zonse, anasiya kusinja.

"Cassimiro," anatero mayi Estele. Dzinalo linamveka lachilendo m'kamwa mwawo, ndiye analibwereza mokweza kuti likhazikike. "Uwu ndi wa Cassimiro, ndipo ali moyo. Ndi uyu wagona apayu."

Kenaka nkhalamba ija inadzuka pang'onopang'ono, ikutsokomola, n'kukankhira bulangete kumbali. Zala zinapeza m'mphepete mwa buluku n'kuyamba kupinda.

"Mwasokoneza, amake Zita. Woimba anali Pita. Filipe ndiye ankaba nthochi. Zaka zonsezi mumamvera kuti?"

"Ndimasankha nyemba," anayankha mayi Estele, misozi ikutsikira m'makwinya. "Yambirani poyamba."

Anakhala pansi pambali pa mkeka. Nkhuku zinapeza lichero lija n'kuyamba kujompha, ndipo panalibe amene anadzuka kukaziinga.