Switi ya M'thumba la Bambo

Dzuwa litapendeka, banja lonse linali pakhonde likusenda mtedza. Mwayi, mwana wamkazi wa zaka zinayi, anangodzipinda pamiyendo pa mayi ake, Zipora, tsaya litatupa. Mbatata yootcha inazizirira m'manja mwake osailuma.

"Kuchipatala kuja akuti bwanji?" anafunsa Gilibati, bambo ake a mwanayo.

"Akuti mano awiri abowoka, limodzi lachita mafinya. Kutupa kukaphwa, tikalizulitse kuchipatala cha ku Likuni."

"Kuzula dzino la mwana? Mayi a Mwayi, amenewo ndi mano aubwana, amagweluka okha."

"Nanenso ndinatero. Adokotala anandiyang'ana ngati ndaba nkhuku. Akuti mafinyawo angawononge dzino lalikulu limene likubwera pansi pake." Zipora anaponya makoko pansi. "Anafunsanso za maswiti."

Gilibati ankapalasa kabaza pakati pa Mitundu ndi Nathenje, ndipo ankachoka mwana asanadzuke. Pobwerera ankagula switi yakamtengo. Mwayi akamva belu la njinga ankathamangira kumsewu, n'kupisa yekha dzanja m'thumba la malaya a bambo ake. Nthawi zambiri tulo tinkamupeza switiyo ikadali m'tsaya.

"Ndiye mlandu ndi wanga?"

"Ndi wa tonse. Inu mumabweretsa, ine ndimamugoneka osamutsuka m'kamwa, kuopa kulira kwakeko. Lero akulira kuposa pamenepo."

"Mwanayu amandiona kangati? Ndikasiya switi, adzandithamangiranso?"

"Ndiye akuthamangireni ndi zibwano zokha?"

Palibe anaseka. Mwayi anayesa kuluma mbatata ija, n'kulira mopanda mphamvu. Gilibati anatambasula manja kuti amunyamule, koma mwanayo anangoyang'ana thumba la malaya.

Mawa lake belu linalira pa nthawi yake. Mwayi anapita kumsewu pang'onopang'ono, dzanja lili patsaya. Atapisa m'thumba anatulutsa kamswachi kofiira ndi mankhwala otsukira mano. Anapisanso, mpaka pansi. Kenako anaponya kamswachiko m'fumbi n'kukabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake.

Gilibati anatsamiritsa njinga pakhoma, natola kamswachi kaja n'kukatsuka. Anatunga madzi m'kapu, nagwada pakhomo.

"Bwera, mama. Ndiyamba ndine, uziona."

Mwayi sanasunthe. Gilibati anakhalabe chogwada, kapu ili m'manja.